Amisiri a thanki ya njinga yamoto

Pafupi ndi siteji iliyonse ya kabaza pamapezeka kagalaja. Kwina ndi chisakasa cha malata akale, kwina ndi mthunzi wa mtengo wa mango basi, pansi pali bii ndi oyilo. Ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, pa Dedza, pa Lizulu, ku Mangochi, konse mupeza anyamata atagwada pambali pa njinga yamoto, sipanala kumanja. Kale njinga yamoto kumudzi inali ya mlangizi wa zaulimi, ya wazaumoyo kapena ya abusa, ndipo zambiri zinali Yamaha ndi Honda. Lero misewu yadzaza ndi Lifo, Senke, King Lion, Boxer ndi TVS, zina zogulidwa m'masitolo a m'tauni, zina zolowera ku Mozambique. Njingazi zabala ntchito ya akabaza, ndipo kumbuyo kwa akabazawo kwabadwa ntchito ya anthu ozikonza.

Pa zonse zimene amakanikowa amagwira, anthu amatama wodziwa kumasula injini. Ine mtima wanga uli pa ntchito ina imene ambiri amaiyesa yaing'ono: kusintha thanki, ndi kuonetsetsa kuti wokwera akudziwa mafuta amene atsala m'menemo. Wakabaza amagula petulo pang'onopang'ono, lita imodzi kapena awiri, kuchokera pa ndalama ya ulendo umene wangoyenda kumene. Ngati njinga si yake, madzulo bwana akudikira tageti. Munthu wotere akanamizidwa ndi geji, kasitomala amatsika pakati pa njira n'kukwera njinga ya mnzake, iye n'kuyamba kukankha. Tsiku lapita pamenepo.

Zifukwa zosinthira thanki n'zodziwika. Ngozi imaiphwanya kapena kuibonyola. Eni ena amafuna yaikulu, makamaka akumudzi kumene pomwetsera mafuta pali kutali. Koma mdani wamkulu ndi dzimbiri, ndipo limayambira m'kati mmene diso silifika. Thanki ikamakhala ndi mafuta ochepa masiku onse, mpata wotsalawo umadzaza ndi mpweya wachinyezi. Usiku kukazizira, chinyezicho chimasanduka timadontho pakhoma la thanki, timadonthoto n'kutsikira pansi popeza madzi ndi olemera kuposa petulo. Pansi pomwepo, mmene malata awiri anawotchereredwa, ndi pamene dzimbiri limaboola. Kuno kwathu palinso china: petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo pambuyo pake inabwera PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi. Onjezanipo mafuta a m'mabotolo ndi m'zigubu zapamsewu, amene nthawi zina amakhala ndi fumbi, madzi, ngakhalenso parafini, mudzaona chifukwa chake thanki ya njinga ya kabaza imakalamba msanga kuposa injini yake. Wosauka, amene sakwanitsa kudzadzitsa thanki, ndi yemweyo amene thanki yake imayamba kuola.

Ikangoyamba kudontha, wakabaza sathamangira kugalaja tsiku lomwelo. Amayamba wamata sopo pabowopo, ndipo zimagwiradi kwa kanthawi chifukwa sopo sasungunuka m'petulo. Sopoyo akakokoloka ndi mvula, amagula guluu wa Pratley. Zikakanika zonsezi m'pamene amafika kwa makaniko n'kuti, "Madala, tandionereni thankiyi, ikukhetsa." Apa makaniko amasankha: kuitumiza kwa owotcherera, kapena kupeza ina.

Owotcherera mathanki ndi anthu oyenera kuwachotsera chipewa, chifukwa ntchito yawo imatha kupha. Wosadziwa amayesa kuti thanki yopanda mafuta ilibe vuto. Imeneyo ndiyo yoopsa kwambiri. Chimene chimaphulika ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana ndi mpweya, ndipo thanki yokhuthulidwa kumene imakhala yodzaza ndi nthunziyo. Mmisiri wodziwa amaitsuka kangapo ndi madzi a sopo, amaisiya padzuwa chivundikiro chili chotsegula, ena amaithira madzi mpaka pafupi ndi pomwe akufuna kuwotcherera. Akamaliza amatseka mabowo onse, kupopamo mpweya pang'ono, n'kupaka thovu la sopo pamsoko kuti aone ngati patuluke tithovu. Kasitomala wapachangu amaona ngati akumuchedwetsa. Ndaonapo mmisiri akukana ndalama chifukwa mwini njinga amafuna kuti iwotchereredwe pompopompo, ndipo ndinamulemekeza. Ngati dzimbiri lafalikira pansi ponse, mmisiri woona mtima amanena poyera kuti kuwotcherera n'kutaya ndalama, chifukwa ukatseka apa mawa paboola apo.

Thanki ina imachokera kwa ogulitsa masipeyala, yatsopano kapena yochotsedwa pa njinga yakufa. Pamenepa pali nkhani imene amakaniko abwino saithawa. Njinga za kabaza zimabedwa kwambiri, nthawi zina wokwerayo n'kuvulazidwa kapena kuphedwa, ndipo njinga yobedwa kawirikawiri imaphwasulidwa n'kugulitsidwa chidutswachidutswa. Thanki yosalala bwino, penti yake isanasuluke, yobwera m'thumba pamtengo wotaya, iyenera kufunsidwa kwawo. Makaniko amene sagula zotere amateteza makasitomala ake omwe, chifukwa msika wa zidutswa zakuba ndi umene umatumiza achifwamba kwa akabaza.

Kuchotsa thanki n'kosavuta, ndipo ndi ntchito imene mnyamata wophunzira amapatsidwa m'masiku oyambirira. Amatseka kampopi ka mafuta, amazula paipi yopita ku kabuleta, amakhuthulira mafuta m'chigubu choyera, amachotsa chishalo, amamasula bawuti ya kumbuyo, amalekanitsa waya wa geji, kenaka amakokera thankiyo kumbuyo n'kuinyamula. Kuika ina ndiye kumasiyanitsa mphunzitsi ndi wophunzira. Kutsogolo thanki imakhala pa timalabala tiwiri tozungulira pa fulemu. Timalabalati tikatha kapena tikasowa, chitsulo chimakhudzana ndi chitsulo, ndipo m'misewu yathu yamabampu msoko umang'ambika pasanathe nthawi. Anyamata ena amadula chubu chakale n'kukulungapo, zomwe n'zabwino kuposa kusiya pambalambanda. Ngati thankiyo ndi ya njinga yamtundu wina, makaniko amakhotetsa chiwongolero mbali zonse ziwiri kuti aone ngati sichikugunda thanki kapena kupana chala cha wokwera. Amaonanso ngati kampopi kali pamwamba mokwanira, popeza pa njinga zambiri za kabuleta palibe pampu: mafuta amangotsika okha, ndiye paipi ikakwera phiri kapena ikapindika, injini imamva ludzu thanki ili yodzaza.

Chivundikiro nachonso chili ndi chinsinsi chake. Pali kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya pamene mafuta akutsika. Kakatsekeka ndi fumbi kapena penti yatsopano, njinga imayenda makilomita angapo n'kuzima ngati mafuta atha. Wokwera akatsegula chivundikiro kuti asuzumire, mpweya umalowa kuti fyuu, njinga n'kuliranso bwinobwino. Anthu ambiri agulapo pulagi ndi kabuleta yatsopano pa vuto loti likanatha ndi singano.

Tsopano pa kudziwa mafuta otsala. Njira yakale, imene mpaka pano ndiyo yodalirika kuposa zonse, ndi rizevu. M'kati mwa thanki, pamwamba pa kampopi, muli polowera mafuta pawiri: kapaipi katali ndi kabowo kapansi. Kampopi kakakhala pa ON, mafuta amalowera pa kapaipi katali kaja. Akatsika kufika pansi pa kamwa lake, injini imayamba kutsamwa, wokwera n'kutembenuzira pa RES, mafuta otsala aja n'kuyamba kulowera pa kabowo kapansi. Pa njinga zambiri zazing'ono otsalawo amakhala lita imodzi ndi theka kapena malita awiri, okwanira kukafika pomwetsera. Koma kuchuluka kwake kumadalira kutalika kwa kapaipiko ndi maumbidwe a pansi pa thanki. Ukaika kampopi kakale pa thanki yamtundu wina, rizevu imasintha, ndipo wokwera amene anazolowera kuti ikalowa rizevu afikabe kunyumba amapezeka akukankha. Vuto lina amalipanga akabaza eni ake: pokhala amathira mafuta ochepa, njinga imakhalira pa rizevu tsiku lonse, ndiye palibenso chowachenjeza. Komanso rizevu imayamwa pansi penipeni, pamene pamakhala madzi ndi zinyenyeswa za dzimbiri. N'chifukwa chake makaniko wabwino sabweza njinga popanda kuika kasefa pa paipi.

Njira ina ndi geji. M'thanki mumakhala fuloti, kanthu koyandama komangiriridwa ku kawaya kolimba. Mafuta akamatsika fuloti imatsika nawo, n'kumasuntha kachitsulo pa kachipangizo kochepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya magetsi opita ku muvi wa pa dashibodi. Makampani sapanga tizipangizoti mofanana. Fuloti ya kampani ina ikalumikizidwa ku geji ya kampani ina, muvi umatha kuima pakati thanki ili yodzaza, kapena kuyenda chobwerera. Ngakhale zonse zitakhala za kampani imodzi, kawaya kaja kakapindika poika, kapena fuloti ikamakhuza khoma, muvi umanama. Ndipo thanki ya njinga si ndowa yoongoka: ndi yotakasuka kumwamba, yopanikizika kumunsi, ndipo pansi pake imagawanika pawiri potangadza fulemu. N'chifukwa chake muvi umakhalitsa pa F kenaka n'kugwa mothamanga. N'chifukwa chakenso njinga ikazima, wakabaza wodziwa amaipendeketsa kumbali ya kampopi, kuti mafuta otsakamira mbali inayo awolokere kuno, n'kupeza kaulendo kena kakafupi.

Makaniko amene ndimamuyesa katswiri ndi uja amene, akamanga thanki, samangouza mwini wake kuti "Yatheka, bwana." Amatenga botolo la lita imodzi, njinga itaima chilili pamalo osalala, n'kumathira lita imodziimodzi, akuyang'ana pamene muvi wafika ndi pamene mafuta ayambira kutuluka kampopi kali pa ON. Akatero amatha kuuza wokwera motsimikiza kuti rizevu yake ndi yochuluka bwanji ndipo muvi ukafika pakutipakuti ndiye kuti kwatsala angati. Ngati geji inafa kale, monga zilili pa njinga zambiri za kabaza, amadula kamtengo koyera n'kulembapo mizere ya malita. Ena amaphunzitsa wokwera kuwerengera makilomita ngati mita ikugwira ntchito: ukadziwa mtunda umene njinga yako imayenda pa lita imodzi, uli ndi geji ina m'mutu. Ntchito imeneyi imadya nthawi ndipo palibe amene amailipira padera. Amaichita okhawo amene amafuna kuti kasitomala abwerenso chifukwa chokhutira, osati chifukwa chodandaula.

Akabaza ambiri amadalirabe kugwedeza njinga n'kumvetsera kukhavuka kwa mafuta, kapena kusuzumira. Zimathandiza, bola kuunikira kukhale kwa tochi, osati machesi, ndiponso ndudu ikhale kutali.

Kamtengo ka mizere kaja kamathetsanso milandu. Mwini njinga akaipereka kwa mnyamata m'mawa, kapena anyamata awiri akamasinthana usana ndi usiku, mkangano wa "unaipeza ndi mafuta angati" sulephera. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mmene zinalili kangapo kuyambira mu 2022, nkhani ya thanki inakula kwambiri. Mizere pomwetsera inali yogonera, bungwe la MERA linkaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, ndipo thanki yaikulu inasanduka chuma. Ambiri ankaifuna kuti akafola kamodzi agwire ntchito masiku angapo. Analiponso ena amene ankadzadzitsa, kukakhuthula kuseri, n'kubwereranso pamzere kuti akagulitse pabulaki, ndipo khalidwe la ochepawa linaipitsa mbiri ya akabaza onse. Amakaniko anali pakati pa zonsezi, ndipo aliyense anasankha yekha ntchito yoti alandire.

Luso lonseli ambiri analiphunzira pagalaja pomwepo. Mnyamata amayamba ndi kutsuka zitsulo m'petulo ndi kupatsira masipanala, malipiro ake n'chakudya chamasana ndi kandalama ka sopo. Akakhwima amagula zida zake n'kukatsegula pake. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji a ntchito zamanja amaphunzitsa umakaniko, koma ochuluka mwa anyamata a pansi pa mtengo wa mango sanapondeko kumeneko. Manja awo ndi ochenjera, makutu awo amamva vuto la injini isanamasulidwe. Pamene ambiri amavutikira ndi pamagetsi, ndipo geji ndi nkhani ya magetsi. Kamakina koyezera magetsi si kodula kuposa seti ya masipanala, ndipo kumuonetsa munthu mmene angayezere fuloti ili m'mwamba ndi ili pansi ndi phunziro la masana amodzi. Ndikanakonda maphunziro afupiafupi otere akanawatsatira komwe ali, m'Chichewa, m'malo moyembekezera kuti munthu wa banja asiye galaja yake n'kukakhala m'kalasi chaka chathunthu.

Kufunika kwa maphunziro otere kukukula chifukwa njinga zikusintha. Zina zatsopano zilibe kabuleta. Zili ndi pampu yamagetsi imene imakankha mafuta mwamphamvu kupita ku injini, ndipo pa zambiri pampuyo imakhala m'thanki momwemo pamodzi ndi fuloti. Pa njinga yotere palibe kampopi, palibe rizevu yotembenuza ndi dzanja, pali geji ndi kanyali kochenjeza basi. Thanki yake sungaisinthe ndi iliyonse imene wapeza pamsika. Pampuyo imaziziritsidwa ndi mafuta omwe ikupopawo, kotero chizolowezi chothira lita imodzi n'kuyendera mpaka njinga itazima chimaiotcha, ndipo mtengo wa pampu yatsopano umameza phindu la masiku ambiri. Wakabaza wogula njinga yotere adzafunika makaniko womuuza zimenezi tsiku loyamba, ndiponso wodziwa kuyeza fuloti asanamange thanki.