Ndodo ndi mwendo wachitatu: kasankhidwe ka ndodo yokwerera phiri

Ambiri a ife tinakula tikuona agogo athu akuyenda ndi ndodo. Popita kudimba, kumaliro kapena kumsika, ndodo inali patsogolo, iwo pambuyo. Ankayezera nayo kuya kwa mtsinje, kugwetsera mame m'njira, ngakhale kuopsezera agalu. Koma tafika kuno ku Amereka, enafe timaona ngati kugwira ndodo n'kuvomera ukalamba. Ine ndine namwino, ndipo pa ntchito yanga ndasamalirapo anthu ambiri othyoka chiuno kapena dzanja chifukwa chongoterereka basi. Choncho ndati tikambiraneko za ndodo yokwerera phiri, yolimba komanso yoti n'kuyenda nayo pa ndege popita kumudzi.

Ndiyambe ndi kudziulula. Chaka china ndinagula ndodo yotchipa yachitsulo, ya mtundu wotalikitsa mopotokola uja, n'kupita nayo ku phiri la Sugarloaf, lomwe lili pafupi ndi kuno ku Rockville ndipo kutalika kwake ndi mamita 391 okha. Pokwera zonse zinali bwino. Potsika ndinaitsamira ndi thupi lonse pa mwala wina, iyo n'kungoti fwaa kulowa m'kati. Ndinakhala pansi mwadzidzidzi ndipo bondo linatupa sabata yathunthu. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ndodo yonama ndi yoopsa kuposa kuyenda wopanda ndodo, chifukwa umakhala utaikhulupirira.

Ntchito yeniyeni ya ndodo imaoneka potsika. Pokwera chimavutika ndi mtima ndi mapapo, koma pamtsetse katundu yense amagwera m'mawondo, ndiye muwonjezerepo chikwama chakumsana. Ndodo imalandako gawo la katunduyo n'kulipereka kumikono, komanso imakugwira ukapunthwa. Ngati muli ndi bondo limodzi lovuta, igwireni ndi dzanja la mbali inayo, osati mbali ya bondo lopwetekalo, ndipo izitera pansi nthawi imodzi ndi mwendo wodwalawo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa.

Choyamba kuyang'ana ndi kutalika. Valani nsapato zomwe mudzayendere, imani chilili, gwirani ndodo nsonga yake ili pansi. Chigongono chipange kona ngati ya khoma la nyumba, mkono usaloze m'mwamba kapena pansi. Munthu wotalika masentimita 165 imamuyenera ya masentimita pafupifupi 112, pamene wa 175 imamuyenera ya pafupifupi 120. Pachitunda muifupikitse ndi masentimita 5 mpaka 10, pamtsetse muitalikitse chimodzimodzi. Agogo aja nzeru imeneyi ankaidziwa kale: ndodo yawo inali yofika paphewa, ndiye ankangosuntha dzanja, pokwera n'kugwira m'munsi, potsika n'kugwira m'mwamba.

Chachiwiri ndi chomwe anapangira. Ya mtengo ndi yolimba ndipo ilibe mfundo yoti n'kumasuka, koma ndi yolemera komanso sikwana m'sutikesi. Ya nsungwi yokhwima ndi yopepuka, kungoti imang'ambika kunsonga mukapanda kuivekako labala. Ya aluminiyamu ikapanikizika pakati pa miyala imapindika, ndipo nthawi zambiri mutha kuiwongola n'kumaliza nayo ulendo. Ya carbon fibre ndi yopepuka kwambiri ndiponso yodula, koma ikafika pothera sipindika, imangothyoka. Kwa munthu wathupi, kapena wonyamula chikwama cholemera kumalo kopanda sitolo ngati ku Mulanje, ine ndimalangiza aluminiyamu.

Chachitatu, chomwe chinandigwetsa ine, ndi mfundo zake. Pali zotalikitsa mochita kusolola ndipo pali zopinda patatu zokhala ndi chingwe m'kati. Zosolola zikafupikitsidwa zimatsala masentimita 60 kapena kuposerapo pang'ono, pamene zopinda zimatsala pafupifupi 40, moti zimalowa bwinobwino m'chikwama. Pa zosololazo, sankhani zotseka ndi kachitsulo kopinda kakunja, kamene mumaona ndi maso kuti katseka ndipo kakamasuka mumangomanga kabawuti kake. Zomanga mopotokola zimatha m'kati osaoneka, makamaka mukalowa fumbi kapena madzi. Musanalipire, italikitseni, itsekeni, kenaka muitsamire ndi mphamvu zonse m'sitolo momwemo. Ikatsika ngakhale pang'ono, isiyeni. Musachite manyazi, mawondowo ndi anu.

Pogwirira pake pakhale pa cork kapena pa thonje lolimba lija lomwa thukuta. Pulasitiki m'chilimwe cha kuno, cha chinyontho chija, amaterera ndipo amatulutsa matuza. Kalamba kake lowetsani dzanja kuchokera pansi kenaka mugwire kalambako pamodzi ndi ndodo, kuti katundu azigwera pa mkono osati pa zala. Kunsonga kumakhala kachitsulo kolimba kogwira pa dothi ndi pa miyala, ndipo pamagulidwanso kachipewa ka labala kovekapo poyenda pa tala kapena pa simenti.

Tsopano za ulendo wa pa ndege. Malamulo a TSA salola ndodo yosongoka kunsonga kulowa nayo m'ndege m'chikwama cha m'manja, ndipo mawu omaliza amakhala a wachitetezo amene mwamupeza pa chipatacho. Ndodo yomwe munthu wovutika kuyenda amadalira ndi nkhani ina, imeneyo amalola akaiunika. Ya kuphiri ikani m'sutikesi yaikulu, kunsonga mutaveka labala, mutaikulunga m'chitenje kuti isaboole zovala. Kumbukirani kuti ochoka ku Dulles kudzera ku Addis Ababa amaunikidwanso kumeneko, ndipo kulikonse kuli ndi malamulo ake. Pobwerera kuno, ngati mwatenga ndodo ya mtengo, ineneni kwa a kasitomu. Ikhale youma, yopanda makungwa komanso yosafumbwa, chifukwa dziko lino limaopa tizilombo tobisala mu mitengo.

Pa ndodo za mtengo pomwepa pali nkhani yotikhudza ngati Amalawi. Aliyense amene anakwerako phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula anaona ndodo zosema zokongola zikugulitsidwa poyambira ulendo. Musanagule, funsani kuti ndi ya mtengo wanji. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri lokhalo pa dziko lonse lapansi, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Pano anthu akubzala mbande zambiri, koma mtengowu umakula mochedwa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ndiye ife obwera ndi madola tisakhale oyamba kupempha ndodo yonunkhira mkungudza. Osemawo tiwagule ndithu, ndi abale athu ndipo akusaka chakudya cha ana, koma tiziitanitsa ya bulugamu, ya paini kapena ya nsungwi. Muionenso bwino ngakhale ikongole chotani, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mitsempha ya mtengo iyende molunjika kuchokera kumutu mpaka kunsonga, ndipo pasakhale mfundo yaikulu pakati. Yosemedwa mozama kwambiri ndi yokongoletsera pabalaza, osati yotsamira.

Mukagula, musakaiyambire pa phiri lalikulu. Yambani ndi njira zozungulira Lake Needwood ku Rock Creek Regional Park, kapena njira yosalala ya m'mbali mwa C&O Canal, mpaka dzanja ndi mwendo zizolowerane. Kenaka pitani ku Sugarloaf mukaphunzire kutsika. Dziwaninso kuti pali malo ena pomwe ndodo imasanduka chopinga. Pa gawo A la Billy Goat Trail ku Great Falls, pa miyala ya Old Rag ku Shenandoah, ngakhalenso pomalizira kukwera Sapitwa, pa mamita 3,002, pamafunika manja onse awiri. Apa ndi pomwe yopinda ija imapambana, chifukwa mumangoilonga m'chikwama n'kukwawa. M'nkhalango za kuno mulinso njoka za copperhead. Ndodo izitsogola podutsa m'masamba ouma ndi paseri pa zipika, koma musaitosere njoka, ingoilambalalani.

Mukabwerako, isololeni yonse, ipukuteni, iume musanaisunge, ndipo m'mfundo zake musathiremo mafuta chifukwa idzayamba kuterera. Kwa amene muli ndi matenda a shuga omwe achititsa dzanzi kumapazi, chizungulire, kapena munachitidwapo opaleshoni ya bondo, yambani mwaonana ndi adokotala anu, mwina angakuuzeni kuti mugwire ndodo ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndipo mukamapita kumudzi, gulani tizipewa ta labala tingapo tapadera. Ndi totchipa, sitilemera, ndipo mukakayeza bwino kukula kwake tingakwanenso pa ndodo ya amayi kapena agogo, imene ikuterera pa simenti ya pakhonde.