Mzinga wauluka, koma kodi mayeso apambanadi?

Dziko la North Korea likayesa mzinga wake, mawailesi amalengeza zinthu ziwiri zosemphana. Boma la ku Pyongyang limati zonse zayenda bwino, pamene asilikali a ku South Korea ndi akatswiri ena amati ayi, pali chinyengo. Ndiye ife amene tikumvera nkhaniyi pa Mitundu kapena pa Nathenje tikhulupirire ndani? Ine ndikuti musathamangire kusankha mbali. Physics imene mukuphunzira m'kalasi ikukwanira kuti muyambe kuweruza nokha.

Tiyambe ndi chinthucho. Mzinga umene amautcha ballistic missile uli ngati mwala wa pa legeni. Mphira imakankha mwala kwa kanthawi kochepa, kenako mwalawo umayenda wokha mpaka mphamvu yokoka ya dziko itaubweza pansi. Mzinga nawonso injini zake zimayaka kwa mphindi zochepa chabe, ulendo wotsalawo umangouluka mokhota ngati uta. Ukakhala woti ungafike mtunda woposa makilomita 5,500 amautcha ICBM, kutanthauza kuti ungachoke kontinenti ina kukagwa kontinenti ina.

Tsono tamvani manambala awa. Pa 29 November 2017, North Korea inayesa mzinga wa Hwasong-15. Unauluka kwa mphindi pafupifupi 53, unakwera m'mwamba makilomita 4,475, koma unagwa m'nyanja pa mtunda wa makilomita 950 okha kuchokera pamene unanyamukira. Mtunda umenewu ukungoposa pang'ono kutalika kwa Malawi yense kuchokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje. Wina atha kunena kuti, aaa, kamzinga kameneka ndi kofooka. Koma taonani kukwera kwake: International Space Station imazungulira dziko pa makilomita pafupifupi 400 m'mwamba, ndiye kuti mzingawu unakwera kuposa pamenepo kakhumi.

Chinsinsi chili pa ngodya. Tengani mpira pa bwalo la sukulu. Mukauponya cholunjika kumwamba, umakwera kwambiri koma umagwa pafupi ndi mapazi anu. Mukauponya ndi mphamvu yomweyo mopendeka, pafupifupi madigiri 45, umakagwa kutali. North Korea imaponya mizinga yake choimika dala kuti isadutse pamwamba pa mayiko oyandikana nawo. Akatswiri amatenga kukwera kwake ndi nthawi imene unakhala m'mwamba, n'kuwerengera liwiro lake, kenako n'kupeza kuti ukanaponyedwa mopendeka ukanafika pati. Katswiri wa physics wa ku America, David Wright, anapeza kuti mzinga wa tsiku limenelo ukanatha kuyenda makilomita pafupifupi 13,000, mtunda wokwanira kufika ku Washington.

Ndiye kuti nkhani yatha, eti? Ayi ndithu. Pali mafunso atatu amene ine ndimafunsa nthawi zonse.

Loyamba: unanyamula katundu wolemera bwanji? Wakabaza amene alibe katundu amathamanga kwambiri, koma mumukwezere matumba awiri a chimanga pa msika wa Mitundu muone mmene achitire wefuwefu pa chitunda. Mzinga wa mayeso utha kunyamula mutu wopepuka wongoyerekezera. Bomba lenileni la nyukiliya likakhala lolemera kuposa pamenepo, mtunda uja umachepa. Radar imaona kumene mzinga wapita, koma siingayeze zimene zili m'kati mwake.

Lachiwiri: mutu wake unabwerera wamphumphu? Apa ndiye povuta zedi. Mutu wa ICBM umalowanso mu mpweya wa dziko pa liwiro la pafupifupi makilomita 7 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limeneli, ulendo wa pa M1 kuchokera ku Lilongwe kudutsa pa Nathenje kukafika ku Dedza ungatenge masekondi ngati 12 basi. Mpweya umene uli kutsogolo kwake umapanikizika n'kutentha mpaka madigiri masauzande angapo. Pa 28 July 2017, kamera ya wailesi ya kanema ya NHK pa chilumba cha Hokkaido ku Japan inajambula chinthu chowala chikutsika, kenako n'kuzima chisanafike m'nyanja. Katswiri wina, Michael Elleman, anati umenewo unali mutu wa mzinga wa Hwasong-14 ukuphwasuka. Ena ataunikanso kanemayo anati mwina chinali chidutswa china cha roketi. Kanema mmodzi, mayankho awiri. Onjezaninso ichi: mutu wotsika choimika umatentha kwambiri kwa nthawi yochepa, pamene wotsika mopendeka umapsa kwa nthawi yaitali. Choncho kupambana pa mayeso oimika sikutsimikizira kuti upambananso pa ulendo weniweni.

Lachitatu: kodi mzinga umene atisonyeza ndi umene unaulukadi? Pa 16 March 2022, mzinga wina unaphulika m'mwamba utangonyamuka pafupi ndi Pyongyang. Pa 24 March wina unauluka bwinobwino, kukwera makilomita oposa 6,000, ndipo boma linati ndi Hwasong-17 watsopano, n'kutulutsa kanema wake. Asilikali a ku South Korea anakana. Iwo anati umene unauluka unali Hwasong-15 wakale uja, ndipo zithunzi zina zinali za tsiku lina. Umodzi mwa umboni wake unali mithunzi. Mzingawo unanyamuka masana dzuwa litapendeka, koma mithunzi ya m'kanemayo inkaoneka ngati ya m'mawa. Boma la Japan linaima poti unali mzinga wa mtundu watsopano.

Umboni wa mithunziwu mutha kuuyesa nokha mawa. Zikani ndodo pa bwalo, lembani pansi pamene mthunzi wathera 9 koloko m'mawa, mulembenso 3 koloko masana. M'mawa umaloza cha kumadzulo, masana cha kum'mawa. Munthu atha kunama pa mawu, koma dzuwa sangalisunthe.

Mwina mukuti, ife za ku Korea zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa mayiko amapanga zisankho zazikulu potengera mayankho a mafunso amenewa. Akakhulupirira kuti mnzawo ali ndi chida chimene alibe, amawononga ndalama kapena kuyamba nkhondo chifukwa cha mantha. Akaderera chida chimene chilipodi, ngozi yake ndi yoposa. Kuno ku Africa mayiko anagwirizana kuti zida za nyukiliya zisapezeke, kudzera mu pangano la Pelindaba limene linayamba kusainidwa mu 1996, ndipo South Africa ndi dziko limene linapanga mabomba otere lokha n'kuwaphwasulanso lokha.

Mawu oti "kupambana" amadalira zimene munthu amafuna kuyesa. Ngati cholinga chinali kuona mphamvu ya injini, mayeso a November 2017 anapambana, ndipo radar za Japan ndi South Korea zinapeza manambala ofanana ndi amene North Korea inalengeza. Ngati cholinga chinali kutsimikiza kuti bomba lingafike lamphumphu pamalo enieni amene alozera, mayeso oimika sangayankhe zimenezo mokwanira. Ndiye mukamva nkhani yotere, kapena ina iliyonse ya pa WhatsApp, funsani kuti anayeza chiyani, anayeza ndani, ndipo pali wina wosagwirizana naye amene wapeza nambala yomweyo. Mafunso omwewa ndi amene mumayankha pa practical mukamalemba aim, results ndi conclusion.