Chitini, babu ndi siteshoni ya Koeberg: banja la boron ndi nkhani ya magetsi

CAPE TOWN - Ku Gugulethu, dera lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, anthu ena amapeza ndalama potola zitini zotayidwa n'kukagulitsa pa sikelo. Zitini za zakumwa ndizo zimafunidwa kwambiri, makamaka chiyambire chaka cha 2013 pomwe makampani a m'dziko la South Africa adayamba kusiya chitsulo wamba n'kumapanga zitini za aluminiyamu. Chomwe chimapatsa mtengo chitini chopanda kanthu ndi magetsi omwe adalowa pochipanga.

Aluminiyamu ali m'gulu la nambala 13 pa tchati chomwe akatswiri a sayansi amasanjapo maelementi, zinthu zoyambirira zomwe zimapanga chilichonse. Gululi limatchedwa banja la boron, ndipo mulinso gallium, indium, thallium ndi nihonium, yomwe imapangidwa mu labotale mokha. Atomu ya chilichonse mwa izi ili ndi maelekitironi atatu kunja kwake, omwe imagwirira maatomu ena. N'chifukwa chake palibe mwa izi chomwe chimakumbidwa chili chokha.

Pa zitsulo zonse za m'nthaka, aluminiyamu ndiye wochuluka, pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse. Vuto ndi loti amagwirana kwambiri ndi okosijeni. Mphamvu yomweyi ndi yomwe imateteza poto kapena chitini, poti pamwamba pake pamabwera kakhungu kopyapyala koletsa dzimbiri kulowa m'kati. Koma kuti alekanitsidwe ndi okosijeniyo pamafunika magetsi ambiri, njira yomwe Charles Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France adatulukira mu 1886, aliyense payekha.

Kilogalamu imodzi ya aluminiyamu watsopano imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 14. Pa chifukwa ichi, fakitale zake zimamangidwa komwe kuli magetsi ambiri osati komwe kuli mgodi. Fakitale ya Hillside ku Richards Bay imasungunula ufa wochokera ku Australia, ndipo ya Mozal ku Mozambique, yomwe idatsegulidwa mu 2000, idamangidwa pa dongosolo lomwelo. Ku Malawi, mwala wa bauxite womwe mumachokera aluminiyamu ulipo pa phiri la Mulanje koma sunakumbidwe. Kusungunulanso chitini chakale kumangofuna magawo 5 pa 100 a magetsiwo. Apa ndi pomwe pagona malonda a otola zitini.

Boron naye ali pa ntchito ya magetsi, koma mwa njira ina. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Cape Town pali siteshoni ya Koeberg, yokhayo yopanga magetsi a nyukiliya m'dzikolo, yomwe idayamba ntchito mu 1984 pansi pa bungwe la Eskom. M'ng'anjo zake ziwiri, maatomu a uranium amasweka n'kutulutsa kutentha pamodzi ndi tizidutswa totchedwa manyutironi, tomwe timakaswanso maatomu ena. Boron amameza manyutironi. Choncho amisiri amasungunula boric acid m'madzi oziziritsa ng'anjozo, ndipo amawonjezera kapena kuchepetsa mlingo wake pofuna kuti motowo usapyole malire. Ufa womwewu ndi womwe umapezeka m'mankhwala ena ophera mphemvu ndi nyerere.

Ntchito ya gallium ndi yopulumutsa magetsi. Chitsulochi, chomwe chidatulukiridwa mu 1875, chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 30, moti chimasanduka madzi m'chikhatho cha munthu. Chikagwirana ndi nayitirojeni chimatulutsa kuwala kwa buluu komwe mababu oyera a LED amadalira, ndipo akatswiri atatu ochokera ku Japan adalandira mphotho ya Nobel mu 2014 kaamba ka ntchitoyi. Mababuwa amawala pa magetsi ochepa, ndipo nyale zotchaja za mtunduwu zidathandiza mabanja ambiri mu 2023, pomwe kuzimazima kwa magetsi kudafika povuta ku South Africa. Indium imapezeka pa galasi la foni ya m'manja, pomwe imalola kuwala ndi magetsi kudutsa limodzi.

Thallium ndi yosiyana ndi zinzake chifukwa ndi chiphe choopsa. Thupi limailandira ngati potaziyamu, ndipo imawononga mitsempha ndi kuthothola tsitsi. Idali m'mankhwala a makoswe mpaka maiko ambiri adailetsa, kuphatikizapo America mu 1972.

Mwa zonsezi, aluminiyamu yekha ndiye munthu wamba angathe kumutola ndi manja n'kumubwezera ku fakitale. Satha mphamvu ngakhale asungunulidwe kangati, choncho thumba la zitini lochokera ku Gugulethu limabwerera m'sitolo ngati zitini zatsopano popanda kukumba mwala wina.