Kunyong'onyeka Kumene Sikuli Ulesi

Pafupifupi m'mudzi uliwonse mumapezeka mwana amene akuluakulu anamuika kale m'gulu la osamva. M'kalasi, aphunzitsi asanamalize kulemba samu yachiŵiri pa bolodi, iye wayamba kale kugogoda desiki, kutsina mnzake, kapena kupempha kupita kuchimbudzi. Akamtuma kutong'ola chimanga, amangoyamba pang'ono, kenaka lichero n'kulisiyira nkhuku. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo angathe kukhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, akupinda mawaya a galimoto yake, osakumbukira ngakhale nsima. Makolo akaona zimenezi amati, "Mwaonatu, ameneyu amachitira dala." Mkwapulo umatsatira.

Ena mwa ana otere ali ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD. Zizindikiro zake zazikulu ndi kubalalika maganizo, kusakhazikika, ndiponso kuchita zinthu mwaphuma. Vutoli si latsopano. Dokotala wina wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza za ana otere mu 1902, ngakhale kuti dzina lakuti ADHD linakhazikika mu 1987. Mwa ana 100 alionse pa dziko lapansi, pafupifupi 5 ali nalo. Limayamba mwana asanakwanitse zaka 12, limayenda kumtundu, ndipo ambiri amakula nalo.

Mu ubongo muli timankhwala tachibadwa, monga dopamine, timene timathandiza munthu kupirira pa ntchito imene phindu lake lili patali. Mwa munthu wa ADHD dongosolo limeneli limagwira ntchito mosiyana. Ubongo wake umagalamuka ndi chinthu chatsopano, chokondweretsa kapena chofulumira, koma pa ntchito yobwerezabwereza amamva ngati wakhala pa linthumbu. N'chifukwa chake galimoto ya mawaya imatheka pamene samu zikulephereka. Mkwapulo sungasinthe zimenezi. Umangophunzitsa mwana kudana ndi sukulu.

Ngozi yeniyeni ili pa malo amene munthu wonyong'onyeka amathaŵirako. Mnyamata akakula angathaŵire ku moŵa, ku chamba, ku njuga za mpira za pa foni, kapena ku liŵiro la njinga yamoto. Ena amasiya ntchito yabwino popanda kukangana ndi munthu. Wina akapatsidwa mankhwala a TB, ofunika kumwa miyezi 6, amayamba mwachangu koma n'kulekera panjira, ndipo matenda amabweranso mwamphamvu.

Kunyong'onyeka kumeneku sikutha ndi kudzudzula, koma ntchito ingathe kukonzedwa kuti ipiririke. Munda wonse ukaikidwa pamaso pa munthu wotere, manja amalefuka asanagwire khasu. Koma akauzidwa kuti apalire mizere 5, akamwe madzi, abwerenso ku mizere ina 5, mundawo umatha. Pa sukulu n'chimodzimodzi: kuŵerenga mphindi 10 kapena 15, kuimirira pang'ono, n'kuyambiranso. Mapeto a chigawo chilichonse azioneka ndi maso, monga chikhomo chozikidwa kumapeto kwa mzere kapena chizindikiro cha pensulo m'buku.

Thandizo lina makolo athu analidziŵa kalekale. Amayi samasinja okha ngati pali mnzawo wobwera ndi munsi wachiŵiri, ndipo nyimbo ya pamtondo imafupikitsa tsiku. Munthu wa ADHD amapirira kwambiri pamene wina akugwira ntchito pambali pake, ngakhale asakulankhulana. Choncho mwana alembe ntchito ya kusukulu pakhonde pamene amayi ake akusankha nyemba, osati yekha m'chipinda.

Thupi nalonso lipatsidwe mpata. Mphunzitsi wanzeru amakhazika mwana wotere kutsogolo, kutali ndi zenera, n'kumamtuma kufufuta bolodi kapena kugaŵa makope, kuti kuyenda kwake kukhale ntchito m'malo mwa mlandu. Kuthamanga, mpira ndi kupalasa njinga zimakhazika maganizo pansi. Pa malo odikira, monga pamzere wa kuchipatala, manja akhale ndi chochita: zoluka, kabuku, ngakhale timiyala ta bawo m'thumba. Foni imachotsadi kunyong'onyeka, koma imadya usiku wonse, ndipo munthu wosagona mokwanira amadzuka ali wobalalika kuposa dzulo. Nthaŵi yogona foni izikhala kutali ndi mphasa.

Komabe si mwana aliyense wotakataka amene ali ndi ADHD. Njala, kuchepa magazi, kusamva bwino, kusaona bwino pa bolodi, khunyu ndi mavuto a panyumba zingathenso kubalalitsa mwana. Ngati vutolo latha miyezi 6, likuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo likuononga maphunziro, makolo apite naye kuchipatala cha boma chapafupi. Kumeneko angatumizidwe kwa akatswiri a za maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu. Mankhwala monga methylphenidate amathandiza ambiri, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha atamuyeza mwanayo. Popita kumeneko ndi bwino kutenga makope ake ndi kalata ya aphunzitsi yofotokoza zimene amaona m'kalasi.