Ngongole ya Lendi ndi Ufulu wa Osauka ku America

Ku United States boma limathandiza mabanja osauka kulipira nyumba. Pa ndondomeko yotchedwa Section 8, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1974, banja limapereka pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a ndalama zimene limapeza, ndipo boma limalipira zotsalazo. Koma ntchito ikatha, kapena matenda akagwa pakhomo, ngakhale gawo lochepalo limasowa. Apo mwini nyumba amafuna loya kuti atulutse banjalo, ndipo banja lotulutsidwa motere lingathe kutayanso thandizo lomwe ambiri amaliyembekezera kwa zaka. Tiyeni tione malamulo amene loyayo ayenera kutsata.

M'chaka cha 1977 nyumba ya malamulo ya dzikolo idavomereza Fair Debt Collection Practices Act, lamulo loongolera anthu otolera ngongole m'malo mwa ena. Iwo saloledwa kutukwana, kuopseza ndi zabodza, kunama za kukula kwa ngongole, kapena kuimba foni isanakwane 8 koloko m'mawa ndiponso itapitirira 9 koloko usiku. Ayeneranso kulembera wangongoleyo kalata yonena kuchuluka kwa ndalama, mwini wake, ndi kuti ali ndi masiku 30 oti atsutse. Akatsutsa polemba, kutolerako kumayamba kwaima mpaka umboni utaperekedwa.

Nanga loya ali m'gulu la otolera ngongole? Khoti lalikulu la dzikolo lidagamula mu 1995 kuti ali momwemo, ngati ntchitoyi amaigwira kawirikawiri. Mu 1998 khoti la apilo lokhala ku New York lidaonjeza kuti lendi yosalipidwa ndi ngongolenso, kotero kalata imene maloya adalembera wokhala m'nyumba, yomupatsa masiku atatu oti alipire, idayenera kutsata lamuloli.

Tisaiwale kuti lamuloli lili ndi malire. Kawirikawiri silikhudza mwini nyumba amene akudzitolera yekha ndalama zake. Silifafaniza ngongole, ndipo palokha sililetsa mlandu wotulutsa munthu m'nyumba. Chimene limapereka ndi mphamvu yosumira wotolera wolakwayo chaka chisanathe, kuti alipire zimene waononga ndi chipepeso chosapitirira madola 1,000.

Tikuphunzirapo kuti wobwereka ayenera kubweza ndithu, koma amene akulonjerera ngongole kwa wosauka ayenera kunena zoona, kuonetsa umboni, ndi kumupatsa mpata woyankha asanamutsekere chitseko.