Makina Athandiza Madokotala Kupima Khansa ya m'Mawere

Mai akapezeka ndi cotupa m'bere, madokotala amadulako kamnofu kakang'ono ndi kukatumiza kwa akatswiri opima. Funso loyamba ndi lakuti kodi ndi khansa? Laciwiri, limene anthu ambiri salidziwa, ndi lakuti ndi khansa ya mtundu wanji, pakuti mankhwala ace amasiyana.

M'caka ca 1987, Dr Dennis Slamon wa ku Los Angeles, m'dziko la America, pamodzi ndi anzace anapeza kuti khansa zina zimakula msanga cifukwa ca jini yochedwa HER2. Jini ndi malangizo a cibadwa okhala m'kati mwa maselo, tizigawo tating'ono topanga thupi. Selo labwino liri ndi HER2 ziwiri zokha, koma m'khansa zimenezi zimaculuka kwambiri. Pafupifupi mai mmodzi mwa asanu odwala khansa ya m'mawere ali ndi mtundu umenewu, ndipo mankhwala a trastuzumab, amene analoledwa ku America mu 1998, anapangidwira amai otere.

Kuwazindikira ndiyo nchito yaikuru. Kamnofu kaja kamapakidwa utoto ndi kuonedwa pa maikulosikopu. Zikakayikitsa, amathirapo mankhwala ena amene amawalitsa HER2 ngati timadontho, ndipo katswiri amakhala m'cipinda camdima kuwerenga timadonthoto m'maselo osacepera 20. Maso amatopa, ndipo nthawi zina akatswiri awiri amasiyana mayankho pa kamnofu kamodzi. Akalakwitsa, mai wina amamanidwa mankhwala omuyenera, wina napatsidwa mankhwala odula amene angafooketse mtima wace popanda phindu.

Apa mpamene makina alowerapo. Amajambula cithunzi ca kamnofu, kompyuta nipeza maselo ndi kuwerenga timadontho m'maselo mazanamazana, osatopa. Komabe dokotala ndiye amaonetsetsa kuti makinawo awerenga pamalo pamene pali khansa, ndiyenso amapereka yankho lomariza. Makinawo sangathe kukonza kamnofu koonongeka; kayenera kuviikidwa m'mankhwala osungira ochedwa formalin ola limodzi lisanathe cicokere m'thupi, ngakhale cipatala cikhale cakumudzi.

Muno m'Zambia khansa ya m'mawere ndi yaciwiri pakati pa amai, pambuyo pa ya khomo la ciberekero. Odwala ocokera kumaboma amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007.