WITCH ndi Ngozi Family: mabandi awiri a nthawi imodzi, mwayi wosiyana

Mu Okutobala 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid". Aliyense amene adaimva pa foni, kaya pa Nchalo, pa Dyeratu kapena pa Ngabu, sakanalephera kutchera khutu, chifukwa pakati pa Chingerezi chonsecho pamatuluka mawu a Chinyanja omveka bwinobwino, pamodzi ndi gitala lolira mwaukali. Mawuwo ndi a Ngozi Family, bandi ya Paul Ngozi, mwana wa ku Lusaka amene adamwalira mu 1989, ndipo adatengedwa m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Chimbale cha Tyler, Chromakopia, chidafika pa nambala wani ku America. Apo n'kuti bandi ina ya ku Zambia ya zaka zomwezo, WITCH, ikuzungulira Ulaya ndi America, mtsogoleri wake Emanuel "Jagari" Chanda akudumphabe pa siteji ali ndi zaka zoposa 70.

Mabandi awiriwa ankalimbirana anthu omwewo, mawailesi omwewo ndi ndalama zomwezo. Lero WITCH ili ndi zimbale zatsopano, kanema wofotokoza mbiri yake ndi maulendo osatha, pamene Ngozi Family imamveka kudzera m'nyimbo za oimba ena. Ine ndikukana kuti kusiyana kumeneku kudabwera chifukwa cha luso.

Tiyambe ndi nthaka imene idawabala. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo m'matauni a kumigodi monga Kitwe, Ndola ndi Chingola munali anthu a malipiro a pamwezi ofuna kosangalalira Loweruka. M'masitolo munkapezeka mbale za galamafoni za Rolling Stones, Jimi Hendrix, James Brown, Deep Purple ndi Black Sabbath. Anyamata adayamba ndi kutsanzira, kenaka n'kumapeka zawo, ndipo maimbidwe amenewa ndiwo adadzatchedwa Zamrock. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankakonda kugwira gitala, adalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi ikhale ya oimba a m'dzikomo. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda mbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inkajambulitsa mabandi ndi kugulitsa nyimbo zawo.

Kuno kwathu zinthu zidayenda mwina. Bungwe lounika mabuku, makanema ndi nyimbo lidalipo kuyambira 1968, wailesi inali imodzi yokha ya MBC, ndipo malamulo a kavalidwe a zaka za m'ma 1970 sankamulekerera mnyamata woweta tsitsi lalitali. Bandi ya rock yeniyeni ikanavutika kupuma mu mpweya wotere. N'chifukwa chake munthu wofuna kumva mmene chinenero chathu chimamvekera pamwamba pa gitala la moto amayenera kudumpha malire a Mchinji.

WITCH idayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinali pambuyo pake adalitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc. Dzina loti Jagari lidachokera kwa Mick Jagger wa Rolling Stones, ndipo zimenezi zokha zikukuuzani kumene maso a bandiyi ankayang'ana. Chris Mbewe ndi John Muma anali pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma. Zimbale zawo zoyamba, Introduction ndi In the Past, ndi za anyamata amene akuphunzirabe, zokhala ndi kakomedwe kake ka chinthu chosapsa kwenikweni. Koma Lazy Bones!! cha 1975, chojambulidwa ku dB Studios mu Lusaka, ndi ntchito ya anthu okhwima: magitala awiri akupatsana mpata, besi ikuyenda mwaulemu, nyimbo iliyonse ili ndi poyambira ndi pothera. Pofika pa Lukombo Vibes mu 1976 anali atayamba kubwerera kumudzi, kulowetsamo kagundidwe ka ng'oma za kwawo. Komabe nyimbo zambiri za m'zaka zimenezo ankaimba m'Chingerezi.

WITCH ndiyo inkatengedwa ngati bandi yaikulu ya dziko lonse, ndipo ndi zomveka. Inali bandi yodziwa kusintha. Jagari atachoka cha kumapeto kwa zaka khumi zimenezo n'kukakhala mphunzitsi, otsalawo adatembenukira ku disiko, akutsogozedwa ndi kiyibodi ya Patrick Mwondela, n'kutulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Ena amati kumeneko kunali kugulitsa mzimu wa bandi. Ine sindiona choncho. Anthu ovina anali atasintha zokonda, ndipo woimba naye ali ndi ana ofuna kudya.

Paul Ngozi anali munthu wa mtundu wina. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, mfunda umene timaumvanso kumpoto kwa dziko lathu lino ndi ku Lundazi. Adabadwa mu 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni ovuta kwambiri mu Lusaka. Adaimbako kanthawi ndi Musi-O-Tunya, bandi ya Rikki Ililonga, ku Nairobi, asanabwerere kwawo kukayambitsa Ngozi Family, momwe Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Mphunzitsi wake wa m'makutu anali Hendrix, mpaka naye ankaliza gitala ndi mano, koma kulemera kwa mawu a gitala lake kudachokera kwa Black Sabbath ndi Deep Purple. Mukamvera Day of Judgement cha 1976 mumva gitala lokhadzula, ngati kuti sipika yang'ambika, ng'oma zouma zopanda zokometsera, ndi mawu a munthu amene sakusamala zoti akhale osalala. Munthu wozolowera nyimbo zoyeretsedwa pa kompyuta akhoza kuganiza kuti china chake chidalakwika pojambula. Sichidalakwike. Ngozi ankafuna phokoso limenelo, ndipo patapita mphindi zingapo khutu limazindikira kuti pansi pa fumbi lonselo pali kagundidwe kovinika, ka kwathu konkuno.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani zimene ankaimba ndi anthu amene ankawaimbira. Ngozi ankasakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha m'tauni, ndipo mitu ya nyimbo zake ikuchitira umboni: "Kumanda Kwa Bambo Wanga", "Tikondane", "Atate", "Chenjelani". Chimbale chake cha The Ghetto chimakamba za moyo wa m'komboni, umphawi, makolo otaya ana chifukwa cha mowa, munthu wotaya mtima mpaka kuganiza zodzipha, ndiponso chikhulupiriro. Sankaima patali n'kumaloza chala. Ankadzudzula ngati malume amene akukhala nawo m'nyumba yomweyo ndipo akudziwa kuti ufa watha liti. Wodula nzimbe wa pa Nchalo amene amakhala m'nyumba ya lendi, mwezi usanathe ngongole itam'zinga kale, sangafune womasulira kuti amve zimene Ngozi akunena. Nyimbo za WITCH za nthawi imeneyo n'zokoma, zina n'zozama ndithu, koma zambiri zikanatha kupekedwa ndi mnyamata wa ku London kapena ku Lagos. Za Ngozi sizikanapekedwa kwina koma m'komboni ya chigawo chino cha Africa.

Pamenepa ndiyenera kuchita chilungamo kwa WITCH. Pa kaluso ka kuimba pamodzi, iwo anali patsogolo. Lazy Bones!! ndi chimbale chosanjidwa bwino kuposa chilichonse cha Ngozi Family chimene ndidamvapo. Ngozi nthawi zina amabwereza kachidutswa kamodzi ka gitala mpaka kukutopetsa, ndipo Chingerezi cha m'nyimbo zake zachikondi sichifika pamene Chinyanja chake chimafika. Wofuna kuyamba kumvera Zamrock ndingamuyambitse ndi WITCH, chifukwa khomo lake n'lotakasuka.

Tsoka lidawagwera onse mofanana. Mtengo wa mkuwa udagwa cha mu 1975 ndipo sudadzukenso msanga. Anthu adasiya kugula mbale. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe itafika pachimake, asilikali a Rhodesia ankaphulitsa malo mkati mwa Zambia, boma lidaletsa kuyenda usiku, ndipo bandi yosaimba usiku ilibe podyera. Kenaka kudabwera disiko, makaseti okopera mwakuba, ndi kalindula amene adatenga mitima ya anthu m'zaka za m'ma 1980. Chomaliza chinali Edzi, imene idapulula oimba a m'badwo umenewo monga idachitiranso kuno. Ngozi adalimbikira kuimba mpaka m'zaka zimenezo ndipo kwawo sadaiwalike, koma adamwalira ali ndi zaka 40 zokha. Mwa anyamata amene adajambula zimbale zoyamba za WITCH, Jagari ndiye adatsala. Adakhala Mkhristu wobadwanso mwatsopano, ndipo kwa zaka zambiri ankakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chodyetsera banja.

Kusiyana kwenikweni kwa mabandi awiriwa kudayamba apa, patapita zaka zoposa 20 Ngozi ali m'manda. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt amene amadziwika kuti Egon, idayamba kufufuza mbale zakale za ku Zambia ndi kuzidindanso. Mu 2012 idatulutsa bokosi la zimbale za WITCH, ndipo zimbale za Ngozi Family nazo idazitulutsanso. Kufika pamenepa mwayi unali umodzi. Koma WITCH inali ndi munthu wamoyo woti atolankhani acheze naye, woti akwere ndege, woti aime pa siteji. Gio Arlotta wa ku Italy adapita ku Zambia kukajambula kanema wa We Intend To Cause Havoc amene adatuluka mu 2019, ndipo oimba achinyamata a ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, adagwirizana ndi Jagari ndi Mwondela kudzutsanso bandiyo. Mu 2023 adatulutsa Zango, patatha zaka 39 chitulukire Kuomboka, momwe mulinso mawu a Sampa the Great, ndipo mu 2025 kudabwera Sogolo.

Masiku ano ndalama zambiri za woimba zili pa siteji, osati pa kugulitsa zimbale. Womwalira sangasaine pangano la ulendo, sangayankhe mafunso a mtolankhani, sangapeke nyimbo yatsopano. Chimene angachite n'kudikira kuti wina adzatole kachidutswa ka ntchito yake, monga adachitira Tyler, kapena monga Travis Scott adatolera nyimbo ya bandi ina ya Zamrock, Amanaz, mu 2023. Ndipo pamenepo dzina limene anthu mamiliyoni amaligwira ndi la wotolayo. Ambiri mwa amene amavina "Noid" sadziwa kuti Chibolya ili kuti.

Pali chinthu china chimene ndachiona. WITCH yatsopanoyi, m'zimbale za Zango ndi Sogolo, ikuimba kwambiri m'zinenero za ku Zambia ndi kagundidwe ka kumudzi kuposa mmene inkachitira mu 1975. Anthu a ku Ulaya ndi America amene amadzaza maholo awo safuna kumva Rolling Stones yachiwiri, akufuna chimene kwawo kulibe. Njira imene Ngozi adaitsata kalekale, pamene ena ankaiona ngati yotsekereza msika wakunja, ndiyo ikugulitsa lero. Sindikuchotsera Jagari ulemu pa zimenezi. Munthu amene adakumba miyala zaka zonsezo n'kubwerera pa siteji ndi mphamvu zotere ayenera kudyerera thukuta lake, ndipo ndimakondwa kuti wazionera yekha ndi maso. Koma mukandifunsa kuti mwa awiriwa ndani adapanga chinthu chimene panalibe wina akanachipanga, ndinena kuti ndi Paul Ngozi.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno kuchigwa cha Shire kuposa mmene tingaganizire. Zamrock idadzuka chifukwa mbale zake zidadindidwa, zina zidasungika m'manyumba mwa anthu, ndipo wofufuza adapeza poyambira. Ife tili ndi "Chinafuna M'bale" ya Lucky Stars, tili ndi nyimbo za Joseph Tembo, amene adakhalapo phungu wa Chikwawa Nkombezi ndipo adatisiya mu 2019, tili ndi akuluakulu oimba ulimba m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje amene ambiri sadalowepo mu situdiyo. Zambiri mwa nyimbo zimenezi zikuyenda m'mafoni ndi m'timakadi popanda dzina la wopeka, popanda chaka, popanda wodziwa kuti tepi yoyambirira ili m'manja mwa yani. Kutentha kwa kuno ndi madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu 2023, sizisiya kaseti kapena chithunzi chili bwino.

Choncho pempho langa likupita kwa mabanja a oimba athu, kwa oyendetsa mawailesi a m'madera ndi kwa bungwe la COSOMA. Amene muli ndi makaseti, matepi ndi zithunzi za oimba a m'chigwa cha Shire, zisamutsireni pa kompyuta, mulembe mayina a onse amene adaimba ndi chaka chake, ndipo umwini wa nyimbozo ulembetsedwe kuti ana a eni ake adzapeze podandaulira wina akadzazitola. Oimba achikulire amene adakali moyo tiwajambule chaka chino, akadali ndi mawu komanso akadatha kufotokoza okha mbiri yawo.